Juzi Yobiriwira M'dengu la Onse

1. Nyumba yopanda "changa"

Nyumba ya Malume inali ndi nkhope ziwiri. Kutsogolo, koyang'ana kumsewu, kunali kochapira ndi kusitira zovala za anthu. Kuseri kunali zipinda zogona, chipinda chodyera, ndi bwalo lalitali lodzaza zingwe zoyanikira. Munthu akaima pabwalopo masana sankaona thambo. Ankangoona nsalu zogonera za kuhotela zikugwedezeka uku ndi uku ngati makoma oyenda.

Kamtambo anafika m'nyumbamo atangolemba mayeso otsiriza a kusekondale, dothi la pamanda a mayi ake lisanaume. Bambo ake sanawaonepo chibadwire. Dzina lakuti Kamtambo anamupatsa ndi asuweni ake, chifukwa akagwira simbi maso ake ankathawira kudenga mpaka wina amudzutse ndi chigongono.

Ana m'nyumbamo anali ambiri. Ena anali obereka okha Malume ndi Azakhali, ena anali a abale, ena anali ongotola mmene munthu amatolera kamwana ka mbalame kogwa m'chisa. Koma mlendo sakanatha kuloza kuti uyu ndi wa m'mimba, uyu ndi wobwera. Mbale zinali zofanana, mabulangete ofanana, tsitsi lometa mofanana. Onse ankaitana eni nyumba kuti Bambo ndi Mayi. Kamtambo yekha ndiye ankati Malume ndi Azakhali, chifukwa mawu akuti "Mayi" sankatha kuwanena kwa munthu wina.

Tsiku lofika, asanamwe n'komwe madzi, Malume anamuimika pakhonde la mkati pomwe panali madengu awiri aakulu, lina la atsikana, lina la anyamata.

"Mwana wa mlongo wanga, takulandira," anatero. "Koma mvetsa. Muno mulibe changa, muli chathu. Zovala zimene wabwera nazo uthire m'dengu umu. Mawa m'mawa udzaima pamzere ndi anzako, udzatenga chapamwamba. Osasankha, osafukula, osadandaula. Wotsogola lero ndiye wotsiriza mawa. Ndi momwe timakhalira."

Ndipo ndi momwe ankakhaliradi. Wamfupi ankatha kutola siketi yokwekwesa pansi, wamtali n'kutola bulauzi yolekeza m'nthiti. Panalibe woseka mnzake, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Panalibenso wolirira cha mnzake. Kamtambo anatha masabata ambiri osamva ngakhale chitseko chikumenyetsedwa. Anthu obwera kudzasiya zovala ankati, "Ana onsewa, zii chonchi? Mumawadyetsa chiyani?"

Amene ankasunga lamuloli kuposa onse anali mtsikana wina wamkulupo, wochepa thupi, wa pakamwa pakuthwa, amene ankamutcha Lumo.

"Mayi, mutu wathu ukupweteka lero," ankatero Lumo, nkhope ili gwa. "Ndipemphe kuti mapazi athu akagoneko pang'ono?"

Onse ankaseka. Kamtambo ankasekanso, koma mochedwa, ngati munthu womvera nkhani ali kuseri kwa zenera.

2. Shelefu ya oiwala

Chimene anthu a m'nyumbamo sankadziwa n'chakuti Kamtambo sanathire zonse m'dengu.

Panali juzi yobiriwira, yoluka ndi manja, imene mayi ake ankavala polawirira kuntchito yosesa m'maofesi. Pachigongono chimodzi inali yosokerera ndi ulusi wakuda chifukwa wobiriwira unatha. Inkamveka fungo la mafuta awo odzola, la utsi pang'ono, ndi fungo linalake lopanda dzina limene linali la iwo okha. Tsiku lofika, Kamtambo anaivala mkati mwa diresi ngakhale kunkatentha. Anatuluka thukuta mpaka Azakhali anafunsa ngati ali ndi malungo.

Kobisa kunalibe. Zipinda zinalibe makiyi, mabedi ankasinthana, ndipo matiresi ankayanikidwa padzuwa kawirikawiri. Koma atayamba ntchito kutsogolo kuja, anaona chinthu chodabwitsa. M'nyumba yopanda "changa" imeneyi, munali malo amodzi pomwe chovala chilichonse chinali ndi mwini wake. Munthu akabweretsa malaya, ankasokererapo kansalu koyera kokhala ndi nambala mkati mwa kolala, ndipo kansaluko kankalemekezedwa ngati malire a munda.

M'kachipinda kosungira sopo ndi makala munali mashelefu. Yapamwamba kwambiri ankaitcha shelefu ya oiwala. Pamenepo ankaikapo zovala zimene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Panali fumbi ndi akangaude, ndipo panalibe amene ankakwerapo.

Kamtambo anadula kansalu koyera, nalembapo nambala yongopeka, nakasokerera mkati mwa juzi. Kenaka anakwera pampando n'kuilowetsa pakati pa suti yakuda ndi diresi ya ukwati yomwe inali itayamba kusanduka yachikasu.

Kuyambira tsiku limenelo ankakonda kutumidwa makala. Ankatseka chitseko ndi phazi, kukwera pampando, n'kukwirira nkhope yake mu juzi.

"Mayi, lero ndapsereza mpango wa munthu," ankanong'ona. "Sanandikalipire. Muno sakalipa. Bola akanakalipa."

Nthawi zina ankayang'ana suti yakuda ija n'kumaipekera mwini wake: mnyamata wamtali, wa maso achisoni, amene anakwera basi kukafuna mkazi amene anamuthawa, ndipo tsiku lina adzalowa pakhomo mvula ikugwa. Nthawi zina ankalota kachipinda kakang'ono ka iye yekha, kokhala ndi zenera loyang'ana kumsewu, katani yosankha yekha, ndi chitseko chokhala ndi kiyi. Munthu agogode, iye afunse kuti, "Ndani?" Loto lonse linkathera pamenepo, pa funso limenelo.

"Kamtambo!" mawu a Lumo ankamveka kunja. "Makalawo ukuchita kuotcha wekha?"

3. Tsiku limene kunazizira

Kuzizira kunabwera mwadzidzidzi. Madzulo ena Kamtambo anatumidwa pamodzi ndi anyamata awiri kukapereka nsalu kuhotela, ndipo pobwerera mphepo inali itayamba kuluma makutu. Tsiku limenelo sanalowe m'kachipinda ka makala.

M'mawa mwake onse anaima pamzere manja ali m'khwapa. Lumo anali patsogolo penipeni. Kumbuyo kwake kunali Kamtambo.

Malume anatulukira akupukuta magalasi awo.

"Ana inu, oiwala atikumbukira chaka chinonso," anatero. "Monga mwa nthawi zonse, kukayamba kuzizira timatsitsa shelefu yapamwamba. Eni ake tawadikira mokwanira. Dzulo mayi anu anadula tinsalu tonse ta manambala. Zofunda zili m'madengu."

Ana anaomba m'manja. Kamtambo anasuzumira pamwamba pa phewa la Lumo. Pamwamba pa dengu la atsikana, yopindidwa bwinobwino, panali juzi yobiriwira.

Akanakhala kuti anaima kutsogolo ndi iyeyo, akanaitola yekha. Munthu mmodzi yekha, phewa limodzi lowonda, ndilo linali pakati pa iye ndi mayi ake.

Lumo anaitola, naikutumula, naivala.

"Mwini wake anali ndi mapewa," anatero akudziyang'ana. "Taonani chigongonochi. Anasoka ndi ulusi wa nsapato kapena? Komabe ikufunda. Pita iwe, Kamtambo, usatiumitse pamzere."

Kamtambo anatola chapamwamba osaona n'komwe kuti n'chiyani.

Tsiku limenelo anawaika patebulo limodzi lositira. Lumo ankasita mathalauza, Kamtambo malaya. Simbi zinali zamakala, zolemera, zofuna kuuzira pafupipafupi. Nthawi iliyonse Lumo akatambasula dzanja, fungo lija linkadutsa pamphuno pa Kamtambo n'kuzimirira mu nthunzi.

Lumo anakwinyira manja a juzi m'zigongono. Kenaka anapukutira phulusa la patebulo ndi m'mphepete mwake. Kenaka, chimfine chitamuvuta, anapukutira mphuno.

"Wangoti duu bwanji lero?" anafunsa. "Mnyamata wa m'maloto ako wakukana?"

Kamtambo anasita kolala imodzi mobwerezabwereza mpaka inayamba kuwala.

Dzuwa litakwera, m'chipindamo munatentha. Lumo anavula juzi, nainunkhiza, nakwinya nkhope.

"Ikununkha munthu wachilendo iyi. Ngati mankhwala a chifuwa. Ndiiviike iyambe kununkha ngati ife."

Pakhomo panali beseni lalikulu la madzi a thovu. Lumo anaponya phazi limodzi, lachiwiri. Asanaponye lachitatu, Kamtambo anali atagwira dzanja la juzi.

"Siya."

"Ndisiye chiyani?"

"Siya. Ndi yanga."

Mawuwo sanali okweza, koma anamveka mpaka kubwalo. Wochapa anaimitsa manja m'madzi. Wofinya anasiya nsalu ikudontha.

"Wati chiyani?" anatero Lumo, osasiya. "Tabwereza, makutu athu sanamve."

"Ndi ya mayi anga. Ndi yanga."

Anakoka. Lumo anakokanso. Ulusi wa paphewa unalira n'kuduka, ndipo Lumo anadzandira chagada n'kugunda tebulo. Simbi inapendekeka, nitsamira pamkono pake.

Lumo sanakuwe. Anangokoka mpweya ndi mano, n'kukhala pansi atagwira mkono. Fungo limene linadzaza m'chipindamo silinali la juzi.

4. Mawu a Malume

Azakhali anathamanga naye Lumo kumpopi. Malume anatseka chitseko cha kumsewu, chinthu chimene sankachita masana, naitanira Kamtambo kuchipinda chodyera. Anakhala moyang'anana, tebulo lalitali lili pakati. Juzi inali pamiyendo pa mtsikanayo.

Malume anayang'ana juziyo nthawi yaitali.

"Ndimayesa ndaizindikira dzulo," anatero pang'onopang'ono, "koma ndinati maso okalamba amanama. Unaibisa pashelefu?"

"Inde, Malume."

"Nzeru ndiye uli nazo. Tsopano tchera khutu, chifukwa zimene ndikuuzezi sindizinena kawiri.

"Ukuganiza kuti dengu lija ndinaliyambitsa chifukwa chouma mtima. Ayi. Bambo athu, agogo ako, anali mmisiri wa matabwa. Atamwalira anasiya bokosi la zipangizo. Bokosi basi: macheka, hamala, tchizulo. Tinali ndi achimwene awiri aakulu. Anakula akudyera mbale imodzi, akufunda bulangete limodzi. Wina anati, 'Bokosi ndi langa, ndine woyamba kubadwa.' Wina anati, 'Ndi langa, ndine ndinkagwira nawo ntchito.' Anayamba ndi mawu. Kenaka anasiya kupatsana moni. Kenaka akazi awo anasiya kubwerekana mchere. Tsiku lina m'mawa bokosi lija linatsekulidwa, ndipo hamala inagwira ntchito imene sanaipangire.

"Ine ndinali mnyamata, ndinaima pakhomo. Kumbuyo kwanga kunali kamtsikana katagwira malaya anga. Kamtsikana kameneko ndi mayi ako. Mchimwene mmodzi tinakamuika kumanda, wina anakafera kundende. Bokosi anagula ndi munthu wodutsa.

"Tsiku limenelo ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga simudzamveka mawu amene anapha abale anga. Anthu amati moto umayamba ndi machesi. Ine ndikuti umayamba ndi 'changa'. Tayang'ana kunjaku. Wa nsapato ziwiri sagona tulo kuopa wopanda nsapato, wopanda nsapato sagona tulo ndi nsanje. Muno mwana wotola pamsewu amavala chimene wavala mwana wanga. Zaka zonsezi palibe amene anatulutsa magazi a mnzake. Lero 'changa' walowa kamodzi kokha, dzuwa lisanafike pamutu, ndipo mkono wa mwana wapsa. Walira mvula walira matope, mwana wanga. Ukufuna chako? Landiranso zimene chimabwera nazo."

Kamtambo anaweramitsa mutu. Kenaka anaudzutsa.

"Malume, ndifunse?"

"Funsa."

"Ngati zonse muno ndi zathu, nanga imfa ya mayi anga ndi ya ndani? Bwanji ndimalira ndekha?"

Malume anavula magalasi, nawapukuta, ngakhale anali oyera kale.

"Funso lako ndalimva," anatero. "Yankho ndilibe. Koma lamulo lilipo, ndipo sindingalipinde chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, ena onsewa akuona. Sindikulanda juziyo. Cholanda chimabala chidani. Usankhe wekha dzuwa lisanalowe. Ukafuna kukhala, uichape ndi manja ako, ikauma uiike m'dengu pamaso pa anzako. Ukafuna kuisunga, uivale, ndikuperekeze kokwerera basi. Sinditemberera, ndipo sinditseka pakhomo ndi mkwiyo. Koma mapanga awiri avumbwitsa."

Anadzuka, napita kukatsekula chitseko cha kumsewu.

5. Pakati pa zingwe

Kamtambo sanadikire dzuwa. Anavala juzi ija, dzanja limodzi likulendewera, nalunjika kugeti lakuseri. Mtima unkamuuza kuti apite pompo, asatsanzike, akamufune.

Pageti anaima. Msewu unali wodzaza anthu. Mayi wina ankakangana ndi wogulitsa makala. Mtsikana wa msinkhu wake anadutsa atavala nsapato zofiira, akuseka pafoni. Munthu wina anagona m'mbali mwa ngalande atafunda katoni, ndipo anthu ankamulambalala ngati chitsa. Aliyense ankapita kwinakwake. Kamtambo anayesa kuganiza za khomo limodzi lomwe angakagogode. M'chipinda momwe ankakhala ndi mayi ake munali mutalowa kale anthu ena.

"Tabwera undigwirire nsalu iyi," anatero mawu kumbuyo kwake. "Nsalu yogonera sapinda munthu mmodzi."

Anali Azakhali, ataima pakati pa zingwe, zopanira zovala zili m'thumba la epuloni. Kamtambo anabwerera, nagwira nsonga ziwiri. Anakoka, nakutumula, nayenda kukakumana pakati, nabwereranso m'mbuyo.

"Malume ako akuuza za bokosi," anatero Azakhali. "Zonse n'zoona. Tsopano umve za ine, chifukwa mwamuna amaona denga, mkazi amaona pomwe pakudontha.

"Asakunamize munthu kuti mtendere ndi waulere. Umagulidwa, ndipo wogula amadziwa mtengo wake. Pa ana onsewa pali amene ndinawanyamula m'mimba muno. Sindingakuuze kuti ndi ati. Iwonso sindiwauza ndi maso, sindiwauza ndi chakudya. Mmodzi anadwala kwambiri chaka china. Mtima unkafuna kuti ndigone pambali pake mpaka achire. Koma m'chipinda china munali wodwala wina, wobwera. Ndinagawa nthawi pakati ndi pakati ngati buledi. Anachira onse. Koma wanga uja mpaka lero akapweteka sathamangira kwa ine. Amangokhala pakona n'kudzipepesa yekha. Ndikakuuza kuti zimenezi sizipweteka, ndiye kuti ndine wabodza."

Anakumananso pakati. Azakhali analandira nsonga, naika nsaluyo padengu, natsitsa ina.

"Koma ndikakuuza kuti kunjako kuli bwino, ndinenso wabodza. Wamuona wa katoni uja? Zonse zimene ali nazo ndi zake. Palibe womulamula.

"Lumo amene wamuotchayu ukumudziwa? Tinamupeza kokwerera basi ali kamwana, atavala thumba la sementi lobooledwa pamutu. Dzina la mayi ake salidziwa, nkhope saidziwa. Iwe pofika unathira madiresi m'dengu. Iye anathiramo chiyani? Anangoima n'kumatiyang'ana. M'mawa mwake anatola chapamwamba, ndipo inali diresi yatsopano ya mwana wanga. Anafunsa kuti, 'Ndibweze nthawi yanji?' Ndinati, 'Subweza, ndi yathu.' Kamwanako kanagona ndi diresi imeneyo kali chikhalire kuopa kuikwinya.

"Ndiye taganiza. Lero tikulole kusunga juzi ya mayi ako. Mawa wina adzati, 'Nanga wotchi ya bambo anga?' Wina, 'Nanga nsapato zimene anandigulira achemwali?' Aliyense adzakumbuka chake, ndipo adzakhala akulondola. Potsiriza m'dengu mudzatsala munthu mmodzi wopanda chokumbuka. Dengu limene kwa iwe ndi ndende, kwa iye ndiwo mayi."

"Ndiye ndichape, Azakhali?"

"Sindinatero. Mayi ako anali mlamu wanga, ndinkawakonda. Fungo limenelo likapita silidzabweranso, ndipo palibe lamulo limene lidzakubwezere. Ukapita sindikuda. Ukakhala sindikulonjeza kuti udzakondwa. Ndangofuna kuti usasankhe uli ndi diso limodzi. Wachinyamata amathamangira chitseko, wamkulu amayamba wafunsa kuti kuseri kwake kuli chiyani. Gwira bwino nsongayo, ikukhudza pansi."

6. Madzi a thovu

Lumo anali atakhala pa sitepe ya khonde, mkono utakulungidwa ndi nsalu yoyera. Kamtambo anaima patsogolo pake.

"Wabwera kudzasita mkono winawu?" anafunsa Lumo. "Dikira uwu uyambe wauma."

"Pepa."

"Pepa sapoletsa chilonda. Khala pansi, ukunditchinga dzuwa."

Kamtambo anakhala.

"Ukanandiuza," anatero Lumo.

"Ukanatani?"

"Ndikanakunenera kwa Bambo." Anakanda bondo ndi dzanja labwinolo. "Koma sindikanapukutira mphuno."

Kamtambo anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Lumo anayang'ana kumbali mpaka mnzakeyo atapukuta m'maso. Kenaka anasendera pafupi, naweramira paphewa la juzi, nakoka mpweya pang'onopang'ono.

"Amanunkhira chonchi amayi?"

"Anga ankanunkhira chonchi."

"Oho." Lumo anabwerera pamalo pake. "Ine ndimayesa mankhwala a chifuwa."

Ananena mopepuka, ngati nthabwala zake zonse. Koma sanayang'ane Kamtambo.

Mthunzi wa khoma unali utafika pakati pa bwalo. Kamtambo anadzuka, nakatenga singano. Ulusi wobiriwira panalibe, choncho anasoka phewa ndi woyera umene ankasokerera tinsalu ta manambala. Atamaliza anatunga madzi m'beseni laling'ono, nasungunula sopo mpaka thovu linakwera.

Ana ena anasiya ntchito n'kuima patali. Malume anaima pakhomo la kutsogolo, manja ali kumbuyo.

Kamtambo anavula juzi. Anaikwirira kumaso kotsiriza, nthawi yaitali, mpaka chifuwa chinamupweteka. Ndipo anaimiza.

Ubweya unamwa madzi n'kulemera ngati mwana wogona. Anaufikisa mofatsa monga anamuphunzitsira Azakhali, osapotokola. Madzi anada pang'ono. Anawataya m'ngalande, natunga ena, natsukuluza. Pamene ankaiyanika pachingwe chakumapeto, pafupi ndi khoma, anainunkhizanso. Inkanunkhira sopo, ngati nsalu za kuhotela, ngati malaya a Malume, ngati aliyense.

"Wachita chamuna, mwana wanga," anatero Malume. "Mawa ikauma udzaiika m'dengu."

Madzulo amenewo kuchipinda chodyera kunali mtendere. Wina anamusunthira mbale, wina anamuthirira tiyi. Lumo anapempha kuti "mkono wathu" udyetsedwe ndi supuni, ndipo onse anaseka. Panalibe amene anatchula za masana. Panalibenso amene anafunsa kuti mayi ake anali munthu wotani, ankaimba nyimbo zanji posesa, kapena anadwala chiyani. Kamtambo anakhala pakati pa anthu ambiriwo, chigongono kukhudza chigongono, ngati munthu wotsala yekha pamalo okwerera basi.

7. Chingwe chakumapeto

Kutacha, mzere unaima pakhonde monga mwa masiku onse. Mphepo inali itawomba usiku wonse, yowuma, yowumitsa zovala bwino.

"Asanatole munthu chilichonse," anatero Malume, "mnzanu ali ndi choti aike m'dengu. Pita ukaanule, mwana wanga."

Kamtambo analowa pakati pa nsalu zogonera. Anadutsa chingwe choyamba, chachiwiri, akukankha nsalu zozizira ndi mapewa, mpaka anafika kukhoma.

Juzi panalibe.

Anayang'ana pansi. Anayang'ana m'ngalande, kuseri kwa migolo ya madzi, pamwamba pa khoma pomwe panali magalasi osweka otchingira akuba. Geti linali lokhoma, ndipo kiyi ankagona nayo Malume. Anabwerera pachingwe. Zopanira ziwiri zija zinali pomwepo, zitabwezeredwa bwinobwino moyandikana. Mphepo sibwezera zopanira. Wakuba wa kumsewu sabwezera zopanira. Amatero ndi munthu amene anaphunzitsidwa m'nyumba imeneyi kuti chopanira sataya.

Anatuluka pakati pa nsalu manja ali lende.

Mzere wonse unatembenuka. Anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi: anyamata, atsikana, Lumo ndi mkono wake woyera, Azakhali ndi epuloni yawo. Tsitsi lofanana, maso ofanana. Mmodzi mwa iwo anadzuka anzake ali m'tulo, nakatenga chinthu, nachibisa kuti chikhale chake. Koma m'nyumba yonseyo munali munthu mmodzi yekha amene ankadziwika kuti amabisa.

Malume anavala magalasi awo pang'onopang'ono.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, ndipo mawu awo anali ozizira kuposa m'mawawo, "waiika kuti?"